Tsiku Limene Abambo Anazula Waya

Batire ya galimoto ndinkaisenza pamutu, madzi ake akundiboolera malaya m'mapewa. Loweruka ndinkapita nayo ku Mponela kukatchajitsa, kuti bwana mwini esiteti ndi ana ake aonere kanema. Ife tinali matenanti ochokera ku Mulanje, olima fodya wa eni. Matipate anali atangobwera, ndipo bwana anagula TV, deki ndi matepi a sewero la azungu ena a m'nyumba imodzi, amene ntchito yawo inali kutsekula chitseko, kukhala pasofa ndi kunyozana. Wina akangoyankhula, khamu losaoneka linkaseka. Chingerezi sitinkamva, koma tinkaseka nawo pawindo, manja ali bii ndi phula la fodya, malaya akununkha chigafa choyanikamo fodya. Sindikana, msana unkaiwalika. Ngakhale amayi ankaima pamenepo ndowa ili pamutu, mano onse panja.

Mlongo wanga Esinati anamwalira ndi malungo nthawi yothyola fodya. Anali asanayambe sukulu. Maliro a tenanti sadzaza bwalo: abale ali kutali, ndipo anzathu bwana anawauza kuti fodya sadikira. Tinaika masamba pamsewu. Apanjinga ankatsika, oyenda ndi wailesi ankazimitsa. Amayi ankalira ndi azimayi ochepa a mpingo, mawu awo osafika patali. Kenako kumtunda, kunyumba ya malata ya bwana, khamu lija linayamba kuseka. Amayi akangokoka mpweya kuti alirenso, ilo linkaseka.

Abambo anali asanakwezepo mawu pamaso pa bwana, ndipo ankadziwa kuti nyumba yathu ndi munda zonse n'za bwanayo. Anadzuka, nakwera mtunda, ine pambuyo. Sanaodire. Analowa pabalaza ndi matope kumapazi, nazula waya pabatire.

"Iwe Namakhwa, wapenga? Ana akungodzisangalatsa," anatero bwana.

"Wanga ali pamphasa, bwana. Aseke mawa."

Fodya atapita ku okushoni, bwana anatiuza kuti tikapeze kwina. Tinasamukira ku Bowe. Manda a Esinati anatsala m'mudzi wa eni, opanda wowalambula.

Lero ana anga amaonera zoseketsa zoterezi pa TV, akuti zimachotsa kutopa. Mwina n'zoona, sindiwaletsa. Koma akulu ankati maliro n'kulirana. Munthu akaseka posayenera umamukodola, iye n'kuchita manyazi. Aja a m'bokosi alibe makutu, alibe manyazi, ndipo sadzaponda pamaliro a wina aliyense. Akayamba kuseka, ine ndimanyamula mpando n'kutuluka panja.