Sipanala m'Manja mwa Mayi Chadzunda

Mayi Winifred Chadzunda anagwira sipanala koyamba ali ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo sanaigwire mochita kufuna.

Kwawo ndi ku Linthipe, ku Dedza. Anabwera ku Mzuzu mu 1994 potsatira amuna awo, a Lenard, amene boma linawasamutsira kuno kudzagwira ntchito yokonza magalimoto. Ankaganiza kuti akhala zaka ziwiri kapena zitatu basi, moti mbale zina sanazitulutse n'komwe m'makatoni. Koma zaka zinapita. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Queen, anakulira konkuno mpaka kumayankhula Chitumbuka ngati mwini mudzi, ndipo iwo anapeza malo ku Chibanja n'kumanga nyumba ya zipinda zitatu. A Winifred ankakazinga mandasi n'kumapereka m'maokala. Kuzizira kwa kuno ndi mvula yosadziwa kusiya sanazizolowere, anangoleka kudandaula.

M'nyumba imeneyo simunkalowa mmisiri wachilendo. Chitseko chikayamba kukhula pansi, ayironi ikaleka kutentha, lata likadontha, a Winifred ankangotchula pa chakudya, mawa lake n'kupeza zili bwino. Sanafunsepo kuti zakonzedwa bwanji. Chomwe ankadziwa n'chakuti Loweruka lililonse kuseri kwa nyumba kunkamveka hamala ndi mluzu wa amuna awo, oimba nyimbo za kutchalitchi mosokoneza mavesi.

A Lenard atapuma pa ntchito mu 2015, anagula pikapu yakale yoyera imene mwini wake anali atataya nayo mtima. Anaikokera pakhomo n'kuikhazika pa njerwa pansi pa mtengo wa mapeyala.

"Anambewe, imeneyi ikadzuka tidzapita nayo kumudzi tokha awiri," anatero. "Tidzaima pa Jenda kugula tomato, tidzaima pa Kasungu kwa achemwali anu. Palibe kondakitala wotithamangitsa."

"Chitsulo chimenechi? Mwina adzukulu," anayankha a Winifred.

Ntchito itafika pakati, injini ili yomasula, matenda a shuga amene a Lenard anakhala nawo zaka zambiri anafika m'maso. Poyamba anasiya kuona manambala a pa sipanala. Kenako anayamba kulonjera anthu ndi mayina a eni ake ena. Pofika 2018 ankangosiyanitsa kuwala ndi mthunzi, ndipo kuchipatala anawauza mosabisa kuti maso sabwereranso.

A Lenard ankangokhala pampando wa pakhonde, wailesi pambali, osaitsegula. Pikapu inakutidwa ndi masamba, nkhuku za aneba n'kuyamba kuikira pansi pake. A Winifred ankawaphikira, kuwapatsa mankhwala, kuwatsogolera ku tchalitchi, koma munthu amene ankamutsogolerayo sanali yemwe anabwera naye ku Mzuzu. Sankakangana, sankaseka. Loweruka likafika, a Winifred ankapezeka ataima pa zenera la kukhitchini, ufa uli m'manja, akumvetsera kuseri kwa nyumba komwe kunali zii.

Tsiku lina mpopi wa panja, umene unkadontha kwa sabata ziwiri, unayamba kutaya madzi osaleka.

"Ndikaitane pulambala wa ku msika uja," anatero a Winifred.

"Pakhomo panga?"

"Nanga tizingoonerera madzi akupita?"

A Lenard anatchera khutu kumene madziwo ankatayikira. Kenako anati, "Katsekeni kaye madzi ku mita. Mukatero mubweretse bokosi langa."

Bokosilo linali lolemera moti analikoka chokoka. A Lenard anapisamo dzanja, zala zikuyenda pazitsulo, n'kutulutsa sipanala yaikulu yosinthika kukamwa. Anawafotokozera pogwira, ndi mbali yopotokolera. A Winifred anapotokola mbali yolakwika kawiri, anadzikhula chala, ndipo mutu wa mpopi utamasuka madzi otsalira m'paipi anawathira kumaso. Anakuwa. A Lenard anaseka, kuseka kwenikweni kochokera m'mimba, mpaka kutsokomola.

"Mukuona kalabala kakuda m'katimo? Ndipatseni kuno." Anakafinya ndi zala. "Katha aka. Pezani patapata wakale mudule kena kofanana."

Ntchito imene a Lenard akanaigwira mphindi khumi inatenga m'mawa wonse, ndipo mandasi a tsiku limenelo sanakazingidwe. Koma atatsegulanso madzi, mpopi unali gwa, osadontha ngakhale pang'ono. A Lenard anapempha kuti awatsogolere pomwepo. Anaika chikhatho pansi pa mpopi, n'kudikira.

"Mwakhoza, Anambewe," anatero.

Kuchokera pamenepo zinthu zinayamba kubwera zokha. Anakonza loko wa chitseko, kenako mbaula yamagetsi ya mayi wina wa kumpingo. M'mawa wina a Elton Nyirenda, aneba awo oyendetsa takisi, ankavutika kuliza galimoto yawo kuseri kwa mpanda. A Lenard anamvetsera kanthawi ali pakhonde, n'kufuula, "A Nyirenda, musaphe batire. Mafuta sakufika kumeneko."

A Elton anasuzumira pa mpanda. "Mwawuka uli, dada? Mwaona bwanji muli uko?"

"Ndamva. Anambewe, tengani bokosi."

A Elton ataona mayi wa mandasi akuweramira mu injini ya galimoto yawo, nkhope inasintha, koma anachita manyazi kukana. A Winifred anatsatira kapaipi ka mafuta monga ankauzidwira, anamasula sefa, n'kuipeza yodzaza matope. Galimoto italira, a Elton anagwira pakamwa.

"Yewo chomene, mama. Ine ndimati ndinu a mandasi basi."

Madzulo a tsiku limenelo ndi a Winifred amene anayambitsa nkhani ya pikapu. A Lenard anakana. Anati injini si mpopi, ili ndi tizitsulo mazana, ndipo tina mwa ito sankakumbukanso kuti anatiika m'chitini chiti. A Winifred sanatsutse. M'mawa mwake anasesa masamba, anathamangitsa nkhuku, anatenga mpando wa pakhonde n'kukauika pansi pa mtengo wa mapeyala.

Inawatengera zaka ziwiri ndi miyezi. A Winifred ankavala ovololo ya amuna awo, n'kumanga chitenje pamwamba. Ankanyamula chitsulo chilichonse n'kuchiika m'manja mwa a Lenard, iwo n'kuchisisita, nthawi zina kuchinunkhiza, n'kutchula dzina lake ndi malo ake. Zimene zala sizikanatha kudziwa, a Winifred ankazifotokoza ndi mawu a kukhitchini. Mapulagi anali akuda ngati kunsi kwa poto. Oyilo wakale anali wolimba ngati phala la dzulo. A Lenard ankagwedeza mutu, n'kudziwa chochita.

Sikuti zinkayenda bwino masiku onse. A Lenard, amene kale ankalamula anthu kuntchito, nthawi zina ankaiwala kuti akuyankhula ndi ndani. Tsiku lina bawuti itaduka chifukwa chomanga kwambiri, anakalipa kuti munthu wosamva ngati ameneyu sanamuonepo. A Winifred anaponya sipanala pansi.

"Ine munandikwatira ku tchalitchi, simunandilembe ntchito. Ikonzeni nokha."

Masiku atatu sanayandikire pikapu. Tsiku lachinayi anapeza a Lenard atafika okha pa galimotoyo mopapasa, akuyesa kuchotsa chiduswa cha bawuti ija, chala chikutuluka magazi iwo osadziwa. A Winifred anawamanga chalacho. A Lenard anati, "Ndinalakwa, amake Queen. Ndimakalipira maso angawa, inu mumangopezeka pafupi." A Winifred anatenganso ovololo.

Azimayi anzawo a kumpingo ankayang'ana zikhadabo zawo zakuda pogwirana chanza. Mmodzi anawafunsa ngati sizochititsa manyazi, mayi wamkulu kukwawa pansi pa galimoto miyendo ili panja. A Winifred anayankha kuti miyendoyo ndi yawo. Queen, amene tsopano ankaphunzitsa ku Lilongwe, ankadandaula pa foni kuti amayi ake adzathyoka msana chifukwa cha chinthu choyenera kugulitsa kwa ogula zitsulo. Chimene a Winifred sanathe kumufotokozera mwana wawo n'chakuti pansi pa mtengo paja ndi pokhapo pomwe ankakumana ndi amuna awo monga analili kale. Akangotseka bokosi la zida, a Lenard ankayambanso kuzimiririka pang'onopang'ono.

Pikapu inalira Loweruka lina mu Ogasiti 2021. A Elton anabwereketsa batire ya takisi yawo n'kukhala pa chiwongolero. Injini inatsokomola, inazima, inatsokomolanso, n'kutulutsa utsi wakuda umene unadzaza bwalo lonse. A Lenard anafuula kuti a Winifred apotokole kasikulu ka pa kabuleta pang'ono chabe, kubwerera kumanzere. Injini inakhazikika. A Lenard anaika manja onse awiri pa boneti, mutu ataweramitsa, ngati munthu wopempherera wodwala.

Kenako anapempha kukhala pa chiwongolero. Anakhala pamenepo injini ikulira, dzanja lamanzere pa giya, maso osaona ali kutsogolo. Sanapite kulikonse. Patapita nthawi anazimitsa n'kunena kuti mafuta asathe pachabe.

A Winifred anaona zonsezo. Iwo kuyendetsa sankadziwa, ndipo sanaganizepo zophunzira. Koma mawa lake atachoka ku tchalitchi anakagogoda kwa a Elton.

Sukulu zinali zotseka. Lachiwiri masana a Elton anawatengera pa bwalo la mpira la sukulu ina cha ku Katoto, lopanda munthu, udzu wake wouma. Anaimitsa pikapu pakati, anatsika, n'kutsegulira a Lenard chitseko cha dalaivala.

"Tili kuti?" anafunsa a Lenard.

"Pabwalo la mpira," anatero a Winifred. "Kutsogolo kulibe kanthu, kumbuyo kulibe kanthu. Kwerani. Ine ndizikuuzani."

"Mwapenga, Anambewe?"

"Kwerani."

A Lenard analiza injini, ndipo phazi silinaiwale kilatchi. Pikapu inanyamuka bwinobwino osadumpha. A Winifred anagwira chitseko ndi dzanja limodzi, lina pa phewa la amuna awo.

"Pitani, pitani. Tsopano kumanja pang'ono. Kumanja, abambo, kuli golo uko! Eya. Wongolani."

Anazungulira kamodzi pang'onopang'ono. Ulendo wachiwiri a Lenard analowetsa giya yachiwiri, anatsitsa galasi, mphepo yozizira n'kulowa. Anayamba kutchula malo ngati ali pa msewu waukulu. Apa ndi m'Chikangawa, taonani mitengo. Apa tafika pa Jenda, tsikani mugule tomato wanu uja. A Winifred ankayankha kuti tomato wa lero ndi wosapsa, apitirire. Ankaseka, misozi ikutsika, kwinaku akufuula kumanzere ndi kumanja. A Elton anaima pakona ya bwalo manja ali kumutu. Pofika ulendo wachisanu ndi chiwiri, a Lenard anaponda mabuleki, n'kunena kuti afika pa Linthipe.

Anagwirizana kuti a Elton adzawayendetsa ulendo weniweni pa Khirisimasi. Koma mu Novembala miyendo ya a Lenard inayamba kutupa, madokotala anati impso zatopa, ndipo Khirisimasi anaidyera kuchipatala. Anamwalira mu Malichi. Thupi linapita ku Dedza pa lole imene mpingo unapeza, a Winifred atakhala kumbuyo pambali pa bokosi, njira yonse.

Anakhala kumudzi mwezi umodzi. Abale anawalandira bwino, anawasonyeza ndi malo oti amangepo. Koma anzawo ambiri a kale anali kumanda, ana sankawadziwa, ndipo iwo ankadzidzimuka atayankha munthu kuti "yewo". Queen anawachonderera kuti akakhale naye ku Lilongwe. Anayankha kuti aganiza, n'kukwera basi ya ku Mzuzu.

Mpaka lero ali ku Chibanja. Mandasi anasiya. Anthu amabwera ndi mbaula, maloko, nthawi zina galimoto yokana kulira, ndipo zambiri amazikonza. Pikapu amaitenga a Elton pakakhala katundu wonyamula.

Chaka chatha, nthawi ya mvula, panafika bambo wina wachikulire pa njinga yamoto, atamangirira jenereta kumbuyo. Anati dzina lake ndi Lusayo Mwalwanda, wachokera ku Karonga, ndipo kale ankayendetsa galimoto ya boma imene a Chadzunda ankaikonza. Jenereta yake inali italepheretsa amisiri atatu, ndiye anaganiza zofunafuna munthu mmodzi amene sankalephera.

"Adada alipo?"

A Winifred anayenera kunena mawu amene anali asanawanene kwa miyezi yambiri, akuti a Lenard anamwalira. Bamboyo anavula chipewa, n'kukhala pa sitepe ya khonde. Anafotokoza za tsiku lina pamene galimoto inawafera pa Chiweta, a Lenard n'kuidzutsa ndi waya wa pa mpanda ndi sopo. Nkhani imeneyo a Winifred anali asanaimvepo. Anapempha kuti aibwereze, ndipo anafunsa kuti amuna awo anavala chiyani tsikulo, anati chiyani, anadya kuti.

Kenako anauza mlendoyo kuti atsitse jenereta. Anayang'ana pulagi, anatsuka kabuleta, anatsatira mawaya onse. Inkalira mphindi ziwiri n'kuzima. Anayesa mpaka dzuwa kupendeka. Munali kaphokoso kena m'kati mwake, kocheperachepera, kamene ankakamva bwinobwino koma osadziwa tanthauzo lake.

"Pepani, bambo," anatero pomaliza. "Apa pandikanika. Yesani m'tauni."

A Mwalwanda anathokoza, anamangiriranso katundu wawo. A Winifred anawaperekeza mpaka pa msewu, n'kuwapempha kuti akadzabweranso ku Mzuzu adzadutse, ngakhale opanda chokonzetsa, adzawauze zina zimene akukumbuka. Mvula inali itayambanso kuwaza. Anabwerera msanga kukalowetsa zida zisananyowe.