Tcheniso ya Abambo Amanzere

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene mtengo wa bulugamu unayamba kutisowetsa mtendere. Unali kuseri kwa nyumba yathu ku Unit G, m'tauni ya Chitungwiza, ndipo anaubzala ndi agogo aamuna atangofika kuchokera ku Dedza, ati ankafuna mthunzi. Mthunziwo tinaudyerera ndithu, koma mvula ya chaka chimenecho itatha, mtengo uja unapendekeka, mizu ya mbali imodzi n'kutukula dothi. Unaweramira chipinda chomwe tinkagona ine ndi mng'ono wanga Rute. Mphepo ya mu Ogasiti itayamba, unkalira kuti kwee, kwee, ndipo amayi ankatisamutsa ndi mabulangete athu kukatigoneka pabalaza. Ine mantha anandigwira osati masewera. Ngakhale m'kalasi ndinkangosuzumira pawindo kuti ndione ngati masamba akugwedezeka.

Abambo anga anali munthu wosakhazikika. Tiyi ankamwa choimirira, nkhani ankayamba ali pakhomo n'kukaimalizira kumsewu. Chaka chomwecho anali atawachotsa ntchito ku fakitale, ndiye kusakhazikikako kunachita kunyanya. Tsiku lina atauzungulira mtengo uja mpaka kutopa, analowa m'nyumba n'kulengeza kuti akagula tcheniso, macheka a injini aja. Ati agwetsa bulugamuyo, amuduladula, ndipo poti magetsi ankangozimazima ndipo Chitungwiza yense ankaphikira nkhuni, ntchito yawo yatsopano ikhala yomweyo. Kandalama komwe anawapatsa ku fakitale kanali kogulira kamodzi basi. Akanalakwitsa kusankha, mtengo ukanakhalabe pamutu pathu.

Abambowo anali amanzere, ndipo ankanyadira zedi. Ankatisimbira momwe aphunzitsi anathyolera ndodo pa zala zawo, momwe agogo ankawamangira dzanjalo ndi nsalu pa nthawi ya chakudya, koma onsewo analephera. "Dzanja ili silinagonjepo," ankatero akuligwedeza m'mwamba. Nkhwangwa, hamala, cholembera, zonse zinali kumanzere.

Loweruka m'mawa tinanyamuka atatu kupita ku Town Centre. Amayi anasiya tebulo lawo la tomato m'manja mwa aneba, ati sangalole munthu wopupuluma chonchi kukagula yekha chinthu cha mano. Ine ananditenga kuti ndizinyamula chikwama.

Mu sitolo yoyamba mnyamata wogulitsa anatiyamikira tcheniso ya magetsi, ati ndi yopepuka ndiponso siichita phokoso. Abambo anali atayamba kale kugwedeza mutu kuvomereza.

"Magetsi ake ati?" amayi anafunsa. "Anthu akufuna nkhuni chifukwa magetsi kulibe, ndiye inu mukufuna kudula nkhunizo ndi magetsi omwewo?"

Tinatuluka. Sitolo yachiwiri, yachitatu, abambo ali patsogolo, ife tikuthamangira m'mbuyo, fumbi lili koboo m'maso. Paliponse iwo ankangolunjika pa chachikulu kuposa zonse, cha lilime lalitali ngati mkono wa munthu. Pomaliza wina anatilozera kuseri kwa malo okwerera makombi, maminibasi akwathuko, kwa mkulu wina wokonza ndi kugulitsa makina otere, a Tembo, amene makolo awo anachokera ku Zambia. Kashedi kawo kankanunkha petulo ndi utuchi. Atamva amayi akundikalipira m'Chichewa kuti ndisagwiregwire zinthu, anasiya Chishona chomwe anatilonjera nacho.

"Tanyamulani, achimwene, ngati kuti mukudula," anatero a Tembo, abambo atasankha chachikulu chawo chija.

Abambo anagwira chogwirira cha kumbuyo ndi dzanja lamanzere, cha kutsogolo ndi lamanja, n'kuima monyada.

"Tsitsani kaye," a Tembo anatero motsitsa mawu. Anafotokoza kuti makina amenewa anawapangira anthu amanja. Tcheni chili mbali ya kumanja, ndiye chikagunda polimba n'kudumphira m'mbuyo, kwa munthu wamanja chimadutsa pambali. Wogwira chamanzere thupi lake limakhala pa mzere wa tcheni, ndipo chikadumpha chimabwera kumaso kapena pamwendo.

"Ndiye ndipatseni ya amanzere."

"Ine chikhalire sindinaionepo. Muphunzire kugwira ngati wamanja, apo ayi musagule."

Abambo anapsa mtima. Anati mkuluyu akufuna kungowasokoneza, ndipo tinauyambanso ulendo, kubwerera m'masitolo onse aja kukafunsa tcheniso ya amanzere. Ena ankaseka, ena ankaganiza kuti tikuchita nthabwala. Miyendo yanga inali italema, njala ili tho, koma choopsa kwa ine chinali chakuti dzuwa litapendeka mphepo inayamba kukula. Rute anali kunyumba, ndipo ankakonda kugona masana m'chipinda chomwe chija.

Tinabwerera kwa a Tembo abambo ali thukuta kamukamu. Mkuluyo anatitengera kuseri komwe kunali chipika choyesera, analiza makina, n'kuwagwiritsa abambo momwe amagwirira amanja. Abambo anayamba kudula, mapewa ali gwaa, nkhope itauma ngati mwana amene akumuphunzitsa kulemba. Tcheni chitafika pakati pa chipika chinakakamira. Zimene zinachitika ndinaziona ndi maso angawa. Manja a abambo anasinthana okha, lamanzere n'kupita kumbuyo komwe linazolowera, iwo osadziwa n'komwe. Makina anadumpha, tcheni chinadutsa pafupi ndi bondo mpaka kung'amba buluku, ndipo a Tembo anafika msanga n'kuzimitsa.

Panalibe magazi. Amayi anali atagwira pakamwa. Abambo anaika tcheniso pansi n'kuyang'ana dzanja lawo lamanzere nthawi yaitali. Ndipo anachita chinthu chimene ndinali ndisanachionepo masana: anakhala pansi, pa chipika chomwecho.

Mphepo inakuntha malata a kashedi, mapepala apulasitiki n'kuuluka. Tonse atatu tinatembenukira komwe kunali kunyumba.

"Mayi a Enelesi," abambo anatero osadzutsa mutu, kuwaitana amayi ndi dzina langa, "tanyamulani kakang'ono kali apoko."

"Ine?"

"Inu amene. Madengu a tomato mumasenza nokha, aka sikangakulepheretseni."

Amayi anamanga bwino chitenje n'kukanyamula. A Tembo anawauza kuti akagwire chotambasula manja pang'ono kufikira atamva kutopa, chifukwa munthu amavulala atatopa, osati akungoyamba. Amayi anapirira nako ndithu. Kenako anakaliza, ndipo chipika china chinaduka bwinobwino, utuchi uli mbuu pa duku lawo. Tinagula kameneko, ka petulo, ka lilime lalifupi. Mu kombi anakanyamula pamiyendo ndi abambo.

Sabata imeneyo a Tembo ankabwera madzulo kudzawaphunzitsa amayi pa zipika, ife tikugonabe pabalaza. Tsiku logwetsa mtengo, Unit G yathu inadzaza pa mpanda. Abambo anakwera kukamanga chingwe m'mwamba, anatsika, n'kukaima ndi amuna anzawo kumalekezero ake, kumbali ya bwalo lopanda nyumba. Anthu ataona amene akuwerama patsinde ndi makina, phokoso linabuka. Bambo wina anakuwa m'Chishona, "Ko, baba varipi?" kufunsa kuti kodi bambo wa pakhomopa ali kuti, ndipo anthu anafa nalo phwete. Abambo anamva. Koma chingwe sanachisiye. A Tembo ankaloza podula, amayi ankadula, amuna ankakoka, mpaka bulugamu uja anadzuka pang'onopang'ono kuchoka padenga lathu, anaima ngati akuganiza, n'kukagwera kubwalo kuti khuu. Rute analira, ine ndinaseka, sindikudziwa chifukwa chake.

Kuyambira pamenepo amayi ankadula, abambo ankawaza ndi nkhwangwa yawo kumanzere, ndipo nkhuni zimenezo ndi zomwe zinatiphunzitsa sukulu. Kunyozedwa sikunathe msanga. Ana anzanga ankati kwathu mwamuna ndi amayi, ndipo abambo anazimva zambiri kumsika ndi kutchalitchi komwe.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti wolimba mtima tsiku lija anali amayi, ndipo analidi. Za abambo ndazimvetsa ndili wamkulu, nditakumana ndi anthu ambiri amene angalole denga kugwera ana awo kusiyana n'kuti aneba awaseke. Munthu amene ndodo za aphunzitsi zinamulephera anagonja yekha, popanda womukakamiza, kuti ine ndi Rute tibwerere kuchipinda kwathu. Lero akalamba, zala zonse zilipo, miyendo yonse iwiri ilipo, ndipo tiyi amamwabe choimirira, kapu ili kumanzere. Mawu aja akuti dzanja ili silinagonjepo sindinawamvenso akunena chichokereni kwa a Tembo.