Tebulo Lopanda Vanishi

Dzina lawo lenileni ndi ochepa amene akulikumbukira. Msewu wonse umangowatcha a Vanishi, ndipo dzinalo analigwirira ntchito. Zaka makumi atatu ndi zisanu ali mu shedi yawo yamalata kuseri kwa msika, bamboyu sanatulutsepo chinthu chosawala. Kabati vanishi, bedi vanishi, ngakhale mpini wa khasu la akazi awo anaupaka, mpaka mayiwo analeka kulimira chifukwa linkaterera m'manja. Miyendo ya matebulo awo inkathera m'mapazi a mkango, zitseko za makabati zili maluwa okhaokha osema ndi tchizulo. Kale, banja likamanga nyumba linkathamangira kwa a Vanishi lisanagule n'komwe makatani.

Koma ndi kale limenelo. Anthu anatembenukira ku za m'mashopu, zija zimafufuma zikangonunkhiza madzi. Panapita miyezi inayi puleni ili phee pa benchi, akangaude atamanga pa sowo. Akazi awo anali atayamba kale kunena zoti shediyo ingoperekedwa kwa wowotcherera zitsulo, yemwe ankaifuna.

Ndiye kunabwera mwana wawo womaliza, wamkazi. Ntchito yake a Vanishi sinkawalowa m'mutu. Akuti amakongoletsa m'nyumba za anthu, koma nyumba imodzi imene anakawaonetsa munali khoma loyera, mkeka pansi, mpando umodzi ndi mtsuko wadothi pakona. Basi! Iwo anafunsa mwakachetechete ngati eni nyumbawo anakanena kupolisi kuti aberedwa.

Tsikulo mwanayo anatsitsa m'galimoto chithabwa cha mlombwa, chokhala ndi mfundo yakuda pakatikati.

"Ababa, ndikufuna tebulo. Miyendo inayi yowongoka. Popanda maluwa, popanda msomali, popanda vanishi. Timafuta pang'ono basi."

"Nanga ntchito yanga ndi iti pamenepa? Kulipatsa moni thabwalo?"

"Mfundoyinso musaichotse. Adokotala amene ndikuwakonzera nyumba aikonda."

"Chilema chimenechi? Koma anthu ophunzira inu!"

"Likatuluka bwino, ntchito zanga zonse zizibwera kuno, shedi isatsekedwe. Likapanda kutero ndipita kwa kalipentala wa kutsidya kwa mlatho. Ndaneneratu kuti tisadzadane."

Wa kutsidya kwa mlatho! Munthu wosadziwa ndi kunola tchizulo komwe. A Vanishi analandira thabwalo mtima ukuwira.

Anagwira ntchitoyo sabata yathunthu akung'ung'udza. Anapala thabwa, anaboola mabowo, anasema nsonga za miyendo kuti zilowe m'mabowomo. Dzanja linkawayabwa, likufuna kukhotetsa mwendo ngakhale pang'ono chabe, kapena kusema katsamba kamodzi pakona. Ankayang'ana chitini cha vanishi pa shelefu n'kupukusa mutu. Pomaliza anachita zimene chala chawo chinazolowera osafunsa mutu: anasakaniza utuchi ndi guluu, n'kupaka paliponse pamene mwendo wakumana ndi thabwa. Akalipentala ambiri amatero, vanishi n'kudzabisa zonse.

Mwana uja atabwera sanayang'ane pamwamba n'komwe. Anagwada pa utuchi, n'kusuzumira kunsi.

"Apa mwamata, ababa."

"Sindinamate kanthu ine. Ndangopukuta."

Anatulutsa kiyi, anakanda phala louma lija mpaka linagwa. Kenako anagwira chala cha bambo ake n'kuchiika pamenepo. Panali mpata, woti chikhadabo chinalowa chonse. Mwendo wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu ndiye osanena.

A Vanishi anapsa mtima. "Iwe! Sukulu yakoyo waphunzira ndi matebulo omatamata omwewa! Lero wabwera kudzandikanda ndi kiyi?"

"Ndikudziwa, ababa, ndipo ndimathokoza. Koma tebulo ili likakhala lokhalokha m'chipinda. Munthu akalowa sadzakhala ndi china choyang'ana." Anadzisasa m'mawondo. "Adokotala akulowa m'nyumba pakutha pa mwezi. Ndidikira mpaka pamenepo."

Chinawapweteka kwambiri si mawuwo ayi. Chinali choti mpata umene chala chinaumva, maso awo sanauone, ngakhale anayang'anitsitsa.

Kunyumba, m'dirowa ya kabati, munali magalasi amene anawalembera kuchipatala zaka zitatu zapitazo. Sanawavalepo. Ankati kalipentala amaona ndi manja, magalasi ndi a makalaliki. Masana amenewo anawatulutsa, anawapukuta ndi malaya, n'kuwavala ali chiimire pabalaza.

Mayo ine! Balaza lawo lija, lodzaza moti mlendo amayenda chammbali, linaonekera lonse. Zimene anapanga kale zinali bwino ndithu, zogwirana ngati zinamera choncho. Koma kabati yagalasi imene anapangira akazi awo chaka chatha, chitseko chinali chopendekeka. Duwa la kumanzere linali ndi masamba asanu, la kumanja asanu ndi limodzi. Pansi pa vanishi, m'makona monse, munali mizere ya phala lija.

"Amayi, izi mumaziona?"

Akazi awo anali akusita. Sanadzutse mutu. "Timaziona."

"Osandiuza bwanji?"

"Akanayamba ndani, inuyo mmene mulilimu? Makasitomala anu ankangoti zikomo, osabweranso."

A Vanishi anakhala pansi. Miyezi yonseyi ankatukwana mashopu, ankatukwana anthu osadziwa chinthu chabwino. Anachita manyazi, manyazi enieni, ndipo panalibe woti amukalipire.

M'mawa mwake anagulula miyendo inayi yonse n'kuiponya pa mulu wa nkhuni. Anayambiranso, magalasi ali pamphuno, akutsetsereka ndi thukuta, iwo akuwatukwana. Mwendo woyamba anausema katatu. Ankapala pang'ono, kuyesa, kuchotsa, kupalanso, mpaka nsonga inalowa m'bowo ndi kulira kuja kwa thabwa logwirana bwino, kumene anali atakuiwala. Ntchito yopanda maluwayi inawadyera masabata awiri ndi theka, kuposa kabati ya zitseko zinayi. Anapaka timafuta tija ndi kansanza, ndipo mfundo yakuda ija inatuluka ndi mizere yake yozungulira. Sananene kuti yakongola. Anangoiyang'ana nthawi yaitali.

Tebulolo analinyamula limodzi ndi mwana wawo kupita nalo kwa adokotala. Chipinda chake chinali chija chomwe ankachiyembekezera: khoma loyera, zenera lalikulu, pansi popanda kanthu. Analiika pakati. A Vanishi anaima chipewa chili m'manja, kusowa ndi pochikoleka pomwe, akuona tebulo lawo lili pambalambanda, dzuwa likuliwomba mbali zonse.

Mwana uja anagwada, anatulutsa kiyi wake uja. Anayesa mwendo woyamba, kiyi anakana. Anazungulira inayi yonse. Atadzuka anasisita pamwamba ndi chikhatho.

"Pakufunika mipando isanu ndi umodzi, ababa. Yofanana ndi ili."

"Yamaliseche ngati limeneli?"

"Eya."

"Undipatse miyezi iwiri."

"Miyezi iwiri? Si inu munkatha mipando isanu ndi umodzi pa sabata imodzi?"

A Vanishi anakankhira magalasi m'mwamba ndi chala.

"Nthawi imeneyo sindinkaona."