Tsiku limene ndinawaza mpingo

Linali Lachitatu, m'mwezi wa Juni, ndipo ndinali pakhonde kuyang'anira mpunga umene amayi anayanika pamkeka. Kabuku kanga kolembamo za tsiku ndi tsiku kanali pamwendo, koma ndinali ndisanalembemo kanthu. Manyazi a kusukulu anali asanandichoke.

M'mawa umenewo aphunzitsi a Chingerezi anawerenga chimangirizo changa mokweza. Ndinkafuna kunena kuti mapemphero atatha ku Mishoni anthu anabalalika, koma ndinalemba kuti "the people sprinkled". Aphunzitsi anavula magalasi.

"Iwe, mpingo wonse uja unauwaza ngati mchere m'ndiwo?"

Kalasi yonse inafa ndi kuseka. Iwonso anaseka, koma osati mwankhanza. Kenaka anati mawa lake ndidzaime kutsogolo, ndifotokoze kusiyana kwa sprinkle, spread, scatter ndi disperse. Ine, amene ngakhale poyankha dzina langa mawu ankatuluka ngati a udzudzu!

Amayi ankamanga mpiru woti akagulitse kumsika wa ku Naisi. Ndinawauza zonse, maso ali pansi.

"Chizungu chakocho sindichidziwa," anatero, "koma ukadzauza anthu kuti mpunga wangawo ndamwaza pamene ndayanika, tidzayambana."

Anaviika dzanja m'beseni n'kuwaza madzi pamasamba kuti asafote. Ndinayang'ana timadontho tija. Ndinayang'ananso mkeka, mmene anasalazira mpunga uja ndi chikhatho mofanana mbali zonse, ndipo ndinatsegula dikishonale yanga yothothoka chikuto. Ndili mkati mowerenga, thadzi linalumphira pamkeka ndi anapiye ake n'kuyamba kupalasa, mpunga uku ndi uku.

"Ukuyang'anira kapena ukuwerenga? Shi! Shi!" anakuwa amayi.

Anapiye anathawa aliyense kolowera kwake. Ndinayamba kuseka ndekha mpaka amayi anasiya mpiru n'kundiyang'ana. Mawu onse anayi anali atachitika pabwalo pathu pomwe. Amayi awaza madzi, ndiye sprinkle. Ayanika mpunga, spread. Thadzi lamwaza, scatter. Anapiye abalalika, ndiye disperse amene anandithawa pachimangirizo uja.

"Seka ukutola," anatero amayi.

Ndinatola mpunga wonse m'fumbi, koma wodzaza dzanja ndinaukulunga m'kapepala. Kenaka ndinalemba m'kabuku muja kuti mawa ndinyamula mpungawo ndi kabotolo ka madzi. Mawu akakana kutuluka, ndidzawaza, ndidzayala, ndidzamwaza patebulo la aphunzitsi. Disperse yekha ndidzadikira belu la buleki, anzanga adzandisonyezera okha.