Lachinayi la a Magalasi

Pamsewu wonsewo ankawadziwa ndi dzina lakuti a Magalasi, chifukwa magalasi akuda owotcherera zitsulo sankachoka pamphumi pawo. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri anakhala akupanga mageti, mabedi ndi mafelemu a mawindo m'kashedi kawo ka malata. Kukhitchini ankangodziwa kuwiritsa tiyi basi.

Zinthu zinasintha chaka chimene akazi awo anayamba sukulu ya unamwino. Lachiwiri ndi Lachinayi ankaweruka mochedwerapo, pomwe pakhomo panali ana aakazi awiri ndi apongozi a a Magalasi, mayi a akazi awowo, amene mawondo sankawalolanso kuimirira pasitovu. Milungu itatu yoyambirira banja lonse linadya mazira okhaokha.

"Ababa, tsiku lina tidzadzuka tikutetera," anatero mwana wamkulu.

Tsiku lina kushedi kunabwera mayi wophika pakantini ya fakitale, atanyamula poto wothyoka chogwirira. A Magalasi akuwotcherera potoyo, anamudandaulira za mazira aja. Mayiyo anaseka mpaka misozi.

"Tamverani, achimwene," anatero. "Nkhuku muidule tizidutswa kuti ipse msanga. Muikazinge ndi anyezi ndi karoti, muthire madzi ndi mchere. Ikamawira, musakanize ufa wa tirigu, pawudala wofufumitsa, majarini pang'ono ndi mkaka. Muzitapa ndi supuni n'kumaponya timibulu mumsuzimo. Mukavundikira, manja kumbuyo mphindi khumi ndi zisanu."

Madzulo omwewo anayesa. Koma manja ozolowera kupinda chitsulo anaukanda ufawo mopanda chifundo, ndipo mtima sunawalole kudikira: ankangovundukula kuti aone. Atapakula, apongozi analuma kambulu kamodzi, n'kukabwezera m'mbale mwaulemu.

"Bambo," anatero, "mabawuti awa ndi a geti la ndani?"

A Magalasi anaseka kuposa onse, ngakhale manyazi anawagwira. Ana anatha nkhuku ndi msuzi, timibulu tinatsala.

Lachinayi lotsatira apongozi anauza adzukulu awo kuti awaikire mpando pakhomo la khitchini. "Ine miyendo ndilibe, koma maso ndili nawo," anatero. Anawalangiza akamwini awo kuti ufa angoutembenuza kasanu ndi supuni, ukhale wonyowa, womata. Poto atavundikiridwa, apongoziwo anagoneka ndodo yawo pamiyendo. Dzanja la a Magalasi likangosendera kuchivundikiro, ndodo inkagogoda pansi.

Nthawi itakwana, nthunzi inatuluka ndi fungo limene linaitana ana kuchokera pabalaza. Timibulu tija tinali titafufuma, tikuyandama pamwamba, tofewa mpaka m'kati, msuzi utakhuthala. Akazi awo analowa chikwama chili paphewa, navula nsapato pakhomo, nalawa ali chiimire.

"Waphika ndani?"

"Aphika ndi bambo a ana anu," anayankha apongozi. "Ine ndinali wapolisi chabe."

Kuyambira pamenepo, ikakwana faifi a Magalasi ankazimitsa makina, kudzera kubutchala, kusamba m'manja katatu, ndipo pasanathe mphindi makumi anayi mbale zinali patebulo. Anaphunzira zinanso, mpunga wosapsereza ndi nsomba yokazinga, koma Lachinayi linakhala la nkhuku ndi timibulu. Nthawi yodikira ija inasanduka yocheza ndi apongozi, amene kale ankangopatsana nawo moni. M'mphindi zimenezo anamva za ubwana wa akazi awo, zina zoseketsa zimene eni ake sanawauzepo.

Patatha zaka zitatu akazi awo anamaliza sukulu n'kupeza ntchito pachipatala chapafupi. Lachinayi lina anamanga epuloni nati, "Mwavutika mokwanira, khitchini ndibwezereni."

"Tengani masiku onse," anayankha a Magalasi akusenda anyezi, "koma Lachinayili ndisiyireni."

Akazi awo anamasula epuloni ija n'kuwamanga amuna awo m'chiuno. Anakoka mpando, nakhala pafupi ndi amayi awo, natambasula miyendo.