Chingwe Chimene a Maynard Anadula ndi Khasu

Inu amene mukuti zanu zinada, tamvani za Christobel wa ku Kasinje.

Sabata imene anaika maliro a mayi ake, a Enelesi, ndi sabata yomweyo imene mpunga wa pasikimu ya ulimi wothirira unayamba kufota. Ndipo zala zonse zinaloza Christobel.

Mwanayu mayeso a Folomu 4 anamukana kawiri. Ankagulitsa tomato pamsewu, anthu n'kumati sukulu inamulavula. Koma akaweruka ankathamangira kukanyumba ka pampu, kukanyamulira zida injiniya wa pasikimu, a Kizito. Zaka ziwiri akufunsa mafunso ngati wapolisi, mpaka a Kizito anamupezera kosi ku Lilongwe. Iwo atasamuka, makiyi anasiyira iye, akuti ayesedwe kaye.

Bambo ake, a Maynard, ntchitoyo sanaimvetse. Christobel ankawauza kuti muthanki muli kachitsulo koyeza madzi, dzina lake sensa. M'kanyumba muli bokosi lolamula pampu, kontilola. Ziwirizi zimalankhulana pa chingwe chokwiriridwa pansi, cha Ethaneti. Sensa ikati madzi achepa, kontilola imadzutsa pampu.

"Chitsulo chilankhula bwanji chopanda pakamwa?" ankafunsa a Maynard.

Tsono maliro atatha, mutu wa a Maynard sunali pamalo. M'mawa wina anatenga khasu, osadziwa kumene akupita. Anangopezeka akukumba pafupi ndi thanki, pamalo popanda chokumba. Khasu linati khobo! Chingwe pawiri. M'kati mwake timawaya eyiti, tamitundumitundu. Mantha anawagwira. Analumikiza mmene amalumikizira waya wa wailesi, kameneka ndi kameneka, n'kukulunga ndi mphira, n'kukwirira. Sanauze munthu.

Pampu inagona. Pabokosi panayaka kanyali kofiira.

"Tinanena ife," anatero a Evance, apampando a sikimu. "Wa tomato ndi makina, zinayambira kuti? Madzi akapanda kubwera pofika Lachisanu, makiyi abwere kuno."

Masiku atatu Christobel anali m'kanyumba muja, mpango wa maliro uli kumutu. Kumasula ichi, kumanganso. Kuzimitsa, kuyatsa. Kunyumba ankabwera maso ali gwa.

"Bambo, ine zandisokoneza. Sensa ili moyo. Kontilola ili moyo. Koma sizikumvana. Mwina anthu aja akunena zoona."

A Maynard anakankhira mbale ya nsima kumbali. Nanga kachingwe kamodzi kangagoneke pampu yonse ija? Si analumikiza? Kapena ndi tsoka chabe la maliro? Ankafuna kufunsa a Enelesi, monga ankachitira zaka makumi anayi, koma pamphasa pawo panali mbee.

Lachinayi m'mawa anatenga khasu lija. "Mwanawe, tiye."

Anafukula pafupi ndi thanki paja. Mphira ija inatulukira.

"Amene wakuzunza ndine, bambo ako."

Christobel anamasula mphirayo pang'onopang'ono. Anayang'ana timawaya, anayang'ana bambo ake. Kenako anaseka, misozi ikutsika.

"Bambo! Mwakwatitsa wobiriwira ndi wabulawuni? Ankhoswe ake anali ndani?"

Anakhala pansi pompo, miyendo tambalale, n'kuyala timawaya pachitenje. Anatilumikiza mtundu ndi mtundu unzake, kalikonse pamzere wake. A Maynard anatembenukira kumbali. Zala zimenezo ankazidziwa. Ndi mmene a Enelesi ankasanjira mikanda yovinira ngoma, lilime litatuluka pang'ono.

Dzuwa lisanafike pamutu, kanyali kanasanduka kobiriwira. Pampu inakhosomola, madzi n'kuyamba kuthamanga mungalande.

Pamsonkhano wa Lachisanu a Maynard anaimirira okha, chipewa m'manja, n'kuulula zonse. A Evance anakanda mutu.

"Achimwene, khasu lanu lipume kaye mwezi uno. Iwe Christobel, makiyiwo sunga."

Lero Christobel amayang'anira mapampu a masikimu atatu. Amene ankamutcha wa tomato amamuimika panjira, "Ainjiniya, mwaswera bwanji?" A Maynard mpaka pano sakumvetsa mmene chitsulo chimalankhulira. Amangopita kukanyumba kuja, n'kukhala pamwala, kuonerera kanyali kakuphethira. Mikanda ya a Enelesi idakali pamsomali.

Ndiye inu amene mayeso anakukanani, amene mukuona kofiira kokhakokha, osataya mtima. Mwina vuto si mutu wanu ayi, mwina pali pamene panaduka, pofunika kufukula. Ndipo inu amene munadula chingwe cha mnzanu n'kukwirira, tengani khasu lero. Musadikire Lachisanu.