Mapanelo Anga pa Denga la Eni

Chaka chimene magetsi ankazima kawiri katatu pa tsiku, ine ndinali ndi oda ya mayunifolomu a amayi a mvano, ndi makina osokera osayenda popanda magetsi. Tinkakhala ku Ivory Park, kuno ku Joni, m'chipinda cha lendi kuseri kwa nyumba ya mayi wina wa konkuno. Eni malo otere kuno timawatcha amasitandi. Tinali titakhalamo zaka zisanu, makina pazenera, bedi kuseri kwa katani.

Magetsi akazima ndinkangokhala manja lende, kuyang'ana nsalu zodula kale. Akayaka ndinkasoka mothamanga mpaka msoko kukhota. Amuna anga, amene ankasamalira maluwa m'nyumba za ku Midrand, ndi amene anabwera ndi nkhani ya sola. Ankaona mabwana awo akukweza mapanelo nyumba ndi nyumba.

"Dzuwa lake ndi lomweli, mayi a ana," anatero. "Silisankha denga."

Poyamba mtima wawo unali pa makina a mphepo, kachitsulo ka mapiko atatu kamene anakaona m'sitolo ina m'tauni. Tinaitana mmisiri wina wachikulire wochokera ku Zimbabwe, amene anzathu a kutchalitchi anati sanama. Iye anatiuza kuti mphepo ya Joni imalimba mu Ogasiti basi, kudzatithira fumbi m'maso, ndipo pakati pa nyumba zothinana chonchi imafika itathyoka kale. Miyezi ina yonse kachitsuloko kazingoima. Za mphepo tinazisiya pomwepo.

Kenako anakwera padenga, nagogoda malata ndi mitengo yake kuti aone ngati zingasenze katundu. Anafunsa zimene tikufuna kuyatsa. Ndinatchula makina, mababu, kafiriji ndi ayironi. Pa ayironi anapukusa mutu.

"Imeneyo imameza batire lonse. Sitani ndi simbi ya makala."

Mapanelo anati ayang'ane kumpoto, kumene dzuwa limapendekera nyengo yozizira. Kumpoto kwa chipinda chathu kunali bwalo la amasitandi, poyera, pongoyanika zovala.

Atatsika anafunsa ngati tagwirizana ndi mwini denga, ndiponso ngati talemberana. Ndinayankha ndine.

"Mayi awa ndi ngati achemwali anga. Mwana wawo pokwatiwa, diresi ndinasoka ndine."

Amasitandi anali pomwepo, akumwetulira. "Ikani, sisi, palibe vuto," anatero.

Ndalama zimene tinagulira zinali zoti tikafolere nyumba yathu ku Ntcheu, imene makoma ake anali ataima kale opanda denga. Tinati makina akamayenda tsiku lonse, malata adzapezeka.

Miyezi yoyamba zinayendadi. Mzere wonse ukakhala zii, makina anga okha ankamveka. Oyandikana nawo ankabwera kudzatchaja mafoni. Amasitandi ndinawakokera chingwe cha TV kuti asaphonye sewero lawo. Loweruka lililonse ndinkakwera ndi kansanza konyowa kukapukuta fumbi, chifukwa panelo yakuda ndi fumbi imagwira ntchito mwaulesi.

Mvula itatha, lole inabwera kudzatsitsa njerwa ndi mchenga pabwalo paja. Amasitandi ankamanga zipinda zina za lendi, zosanja. Ndinapita kukawaona.

"Mayi, khoma limeneli lititchingira dzuwa."

"Sisi, bwalo ndi langa. Inu mumalipira chipinda, dzuwa mulibe mu lendi."

Khoma linakwera ine ndikuona. Pofika mu Juni mthunzi unkagwira panelo yoyamba cha m'ma teni, ndipo pofika masana mapanelo onse amakhala atakwiririka. Invata, kabokosi kamene kamasandutsa moto wa m'batire kukhala wa m'nyumba, inayamba kumangolira, makina n'kuima pakati pa msoko. Mmisiri uja atabweranso anati mthunzi wa pa panelo imodzi umafooketsa onse, poti anawalumikiza ngati mikanda pa ulusi umodzi, ndipo batire losakhuta limafa msanga. Njira inali imodzi yokha, kusamutsira mapanelo padenga la nyumba yatsopanoyo.

Amasitandi anavomera ndisanamalize n'kupempha komwe. Ine, mopusa, ndinawaphikira mandasi owathokoza.

Mapanelo atakwera, amasitandi anabwera ndi mawu ena. Anati popeza ali pamwamba pa alendi atsopano, nawonso alandireko moto. Ndinakana. Batire lathu linali la banja limodzi, silikanatha kudyetsa zipinda zonsezo. Sabata yomweyo moni anatha. Mwezi usanathe anatiuza kuti chipinda chathu akufuna kuikamo mphwake.

Tsiku losamuka, katundu ali kale m'galimoto, amuna anga anatenga sipanala kuti akamasule mapanelo. Anapeza geti la pamasitepe lokhoma. Mwana wamwamuna wa amasitandi, bambo wa ndevu zake, anaima pamenepo ndi anzake awiri.

"Chokhomeredwa padenga ndi cha denga," anatero mayi ake ali kumbuyo kwake. "Mukazula musiya mabowo, mvula idzalowa. Ngati simukugwirizana nazo, tiyeni ku polisi. Mutenge ndi mapepala anu."

Mapepala okhalira m'dziko muno a amuna anga anali atatha. Mayiwo ankadziwa chifukwa ndinawauza ndine, tsiku lina tikumwa tiyi ngati pachibale.

Lisiti ndinali nalo m'chikwama. Ndinalitulutsa n'kulitambasula, dzina langa lili pomwepo, koma palibe anatsitsa maso kuliyang'ana. Anthu amene ankatchaja mafoni kwathu anali m'makomo mwawo, akuonerera. Amuna anga anandigwira mkono.

"Mayi a ana, tiyeni. Adalaivala akudikira."

Tinasamukira ku Zandspruit, m'kachisakasa ka malata, titanyamula batire ndi invata zopanda chozidyetsa. Batire linakhala pansi pa bedi mpaka linafa. Oda ya mvano inapita kwa telala wina chifukwa ndinachedwa nayo. Pambuyo pake ndinagula makina akale opalasa ndi mwendo ku Jeppestown, kwa bambo wina amene ankabwerera kumudzi. Ndi amene ndikusokera mpaka lero, ndipo pofika madzulo bondo limakhala litatupa.

Amayi a kutchalitchi akamandifunsa za sola sindiwaletsa. Imagwira ntchito, ndinaona ndi maso anga. Ndimangowauza kuti asanafunse mtengo wa panelo, ayambe afunsa kuti denga ndi la yani, ndiponso kuti bwalo la kumpoto ndi la yani.

Amuna anga amati tiiwale, Mulungu anaona. Iwo mtima wawo ndi wotero. Ine Lamulungu ndimapita nawo kutchalitchi, ndimayimba, ndimagwada. Koma pemphero likafika pa mzere wokhululukira otilakwira, milomo yanga imangogwedera, mawu osatuluka.